Seva Yatsopano ndi Nyimbo za a Nachisale

Ana inu mumakonda kundifunsa kumene miyambi inachokera, ngati kuti inagwa ndi mvula. Miyambi imachokera kwa anthu, ndipo nthawi zambiri munthuyo amakhala atakumana nazo kaye. Ulipo umodzi umene ndikudziwa kobadwira kwake, chifukwa tsiku lake ndinalipo, ndipo wolakwa ndinali ine. Ndikusimbirani, koma musathamangire kundiseka.

Ndisanalowe uphunzitsi, ndinagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi pa kabungwe kena ku Mchinji, kotchedwa Nkhokwe ya Mawu. Ntchito yake inali kuyenda m'midzi n'kumajambula nyimbo, nthano ndi mbiri za mabanja kuchokera pakamwa pa anthu achikulire, kuti eni ake akadzatsogola mawu awo atsale. Ojambula anali anthu ena. Ine Felesiya ndi mnzanga wina, a Gostino, tinali osamala makina amene mawuwo ankasungidwamo. A Gostino anali ndi digiri, ine dipuloma, ndipo sankalola kuti zimenezi ndiziiwale. Ine ndinkabwezera posawafunsa kanthu, ngakhale pamene ndinali wosadziwa.

Kuti nkhaniyi muimve, mudziwe kaye zinthu ziwiri. Choyamba ndi seva. Seva ndi kompyuta yaikulu, yamphamvu, imene sazimitsa. Yathu inkakhala m'kachipinda kozizira kuseri kwa ofesi. M'kati mwa seva imodziyo munali makompyuta atatu opanda thupi, amene pantchito timawatchula kuti mavi-emu. Simungawagwire ndi manja, koma iliyonse imagwira ntchito ngati kompyuta yeniyeni. Zili ngati nyumba imodzi ya lendi yokhalamo mabanja atatu, lililonse ndi khomo lake. Vi-emu ina inali ya makalata a muofesi, ina ya mndandanda wa midzi ndi mayina, ndipo yachitatu, yaikulu pa onse, inali ya mawu ojambulidwa aja.

Chachiwiri ndi bakapu. M'nyumba ina patsidya pa bwalo munali makina ena okhala ndi pulogalamu imene ntchito yake inali kukopera mavi-emu onse tsiku lililonse tikaweruka, kuti seva ikadzawonongeka tidzakhale ndi pothawira. Koma pulogalamu imeneyi si mlosi. Siingalote kuti mwagula seva ina. Muyenera kuilumikiza nokha ku seva iliyonse: muiuze adiresi ya sevayo, dzina lolowera ndi pasiwedi yake. Mukatero imaona mavi-emu onse okhala m'menemo n'kuyamba kuwakopera. Seva imene simunailumikize imailambalala, ngakhale zitayandikana bwanji.

M'mawa uliwonse pulogalamuyo inkatulutsa lipoti. Zikayenda bwino, pamwamba pake pankakhala mzere wobiriwira; zikavuta, wofiira. Ine ndinkalisindikiza, kusainapo, n'kulikhoma pa bolodi pafupi ndi chitseko kuti aliyense aone. Panalinso lamulo limene ndinaika ndekha. Ojambula akabwera ndi makhadi a m'makina awo ojambulira, odzaza mawu, ndinkathira mawuwo m'vi-emu yake, khadilo n'kuligoneka m'dilowa mpaka mawa. Ndikaona mzere wobiriwira, m'pamene ndinkalifufuta kuti akajambulirenso, pakuti makhadi anali ochepa ndipo midzi inali yambiri. Lamulo limeneli ndinkanyada nalo, moti alendo ndinkawafotokozera asanandifunse n'komwe.

Chaka china m'mwezi wa Malichi seva yathu inayamba kudzaza, ndipo anthu akufuna kwabwino anatigulira ina, yakuda bii, yolira monong'ona. Anaiika ndi a Gostino. Lachisanu masana anasamutsa vi-emu ya mawu kuichotsa m'seva yakale n'kuilowetsa m'yatsopano, zinazo n'kuzisiya komwe zinali. Atamaliza anabwera pa desiki yanga atakoleka kale chikwama, chifukwa ankapita ku Lilongwe ku maphunziro a sabata imodzi.

"A Felesiya, mawu aja ndawasamutsa. Tsopano akugona m'nyumba ya malata."

"Nanga bakapu?"

"Imeneyo si mbali yanu kodi? Kapena ndikulembereni pa bolodi mmene amachitira?"

"Mmene amachitira ndikudziwa. Ndikufuna pasiwedi ya seva yanuyo."

"Aa, minibasi indisiya. Ili mu envulopu kwa abwana, kapena ndilumikiza ndekha ndili konko. Ndi za mphindi ziwiri zimenezo."

Anatuluka. Abwana nawo tsiku limenelo kunalibe. Ine ndinatseka ofesi n'kumapita kwathu ndikung'ung'udza.

Lolemba m'mawa lipoti linatuluka ndi mzere wobiriwira. Ndinati mumtima, ndiye kuti munthu uja walumikiza ali ku Lilongwe. Ndinaganizako zowaimbira foni kuwathokoza, koma kuthokoza a Gostino kunali kuwapatsa nkhani ya mwezi wathunthu, choncho ndinasiya. Iwo atabwera anapeza mapepala asanu obiriwira ali pa bolodi, nati mumtima, ndiye kuti Felesiya anakatenga envulopu ija. Kundiyamikira kukanawaswa mutu, ndiye nawo anangokhala chete.

Zoona zake, seva yatsopanoyo panalibe anailumikiza. Ndipo musati pulogalamuyo inatinamiza. Ife tinaiuza kalekale kuti izikopera zonse zimene yapeza m'seva yakale. Inapezamo mavi-emu awiri, inakopera awiriwo, n'kunena kuti zatheka. Pansi pa mzere wobiriwirawo inkalemba mosabisa kuti awiri, pamene kale inkalemba atatu. Koma maso anga anali atazolowera kuthera pamwamba pa pepala.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti chizindikiro china ndinachiona. Ntchito yokopera imene inkatenga maola anayi tsopano inkatha m'mphindi makumi awiri ndi zisanu. M'malo modabwa, ndinapita nazo ku tiyi.

"Seva yanu ija ndi liwiro, a Gostino. Bakapu ikungotha ngati kuphethira."

"Nanga mumayesa ndinasankha mwachibwana?" anatero akuviika mandasi. Tonse tinaseka, ndipo aka kanali koyamba kuti ine ndi iwo tigwirizane pa chinthu.

M'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho, mmodzi wa ojambula anadwala, ndiye ananditenga ine kuti ndikagwire makina kwa Kapunula. Kumeneko kunali mayi wina wachikulire, a Nachisale, wodziwika ndi nyimbo zapamtondo. Anali wamfupi, wowonda, koma akagwira munsi n'kutsegula pakamwa, anthu a pachitsime ankatula ndowa. Amuna awo, a Kachigamba, anakhala pa mpando wachikumba pansi pa mtengo wa mango, akuonerera. Nyimbo yotsiriza inali imene a Nachisale anapeka okha ali mtsikana, pamene a Kachigamba anapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Kitwe n'kukhalako zaka zitatu osalemba kalata. Inali yaitali, yowanena amunawo kuyambira chipewa mpaka nsapato. Iwo ankangoseka, misozi ili mbwe, n'kumati, "Akunama amenewo, kalata ndinalemba."

Tikulongedza, a Kachigamba anandikodola.

"Mayi, mawu amenewa mukawaika pati?"

"M'makina, agogo. Ndipo timasunga pawiri. Ngakhale makina apse, mawu atsala."

"Simungandigawireko lero lomwe? Mdzukulu wanga ali ndi foni yoimba."

"Tikawakonze kaye, agogo, tichotse phokoso la nkhuku ndi mphepo. Pali mzere wa midzi ina, koma musade nkhawa. Mawuwa ali m'manja abwino."

Anagwedeza mutu, nandipatsa mtedza wodzaza chipewa. Nditafika ku ofesi ndinathira nyimbo zija m'vi-emu ya mawu, m'seva yatsopano. Kutacha lipoti linatuluka lobiriwira, ndinasaina, ndipo khadi lija ndinalifufuta ndi dzanja langali.

Mwezi wa Okutobala usanathe, tinamva kuti a Nachisale atisiya. Ku ofesi tinadandaula, komanso tinadzitamandira kuti tinawapeza nthawi ikadalipo. Mzere wa midzi yokonza mawu unali wautali, ndipo nyimbo zawo zinangokhala momwemo osakhudzidwa.

Patapita chaka, m'mwezi wa Novembala, a Kachigamba anatumiza uthenga. Mu Disembala kunali kuika chiliza cha malemuwo. Ana awo a ku Joni anali kubwera, pamodzi ndi adzukulu obadwira konko amene anali asanamvepo agogo awo akuimba. A Kachigamba ankafuna kuti pa tsikulo anthu amve nyimbo ya ku Kitwe ija ndi mawu a mwini wake. Ndinayankha kuti abwere Lolemba, ndidzawathirira nyimboyo mu fulashi, kachipangizo konyamuliramo mawu, nkhuku ndi mphepo zili momwemo.

Lamulungu masana kunagwa mvula yoyamba, ya mabingu. Mphezi inagwa pa mtengo wa magetsi pafupi ndi ofesi yathu. Lolemba m'mawa tinapeza kachipinda kaja kakununkha mawaya opsa. Seva yakale inapulumuka, koma yatsopano inali zii, madisiki ake osungiramo zinthu atapsa. Makina oziziritsa chipinda nawo anali atafa, moti a Gostino anakabwereka fani yaikulu, yotembenuka uku ndi uku, n'kuiimika pakhomo kuti seva yakale isatenthe. Iwo thukuta linali kamukamu. Ine mtima unali m'malo. Kunena zoona ndinasangalalako pang'ono, poona kuti tsiku loti mbali yanga ioneke lafika.

Cha m'ma naini a Kachigamba anatsika pa kabaza, atavala jekete ya kutchalitchi. Ndinawalonjera, n'kuwauza za mphezi.

"Ndiye ndabwera tsiku loipa?"

"Iyayi agogo, mwabwera tsiku labwino. Paja ndinati timasunga pawiri? Khalani apa muone."

Ndinawaikira mpando pakhomo pa kachipinda kaja, pafupi ndi desiki yanga. Ndinatsegula pulogalamu ya bakapu n'kupita pamene amabwezeretsera zinthu. Vi-emu ya makalata inalipo, yokoperedwa Lachisanu lapitalo. Ya mndandanda chimodzimodzi. Ya mawu inaliponso, koma deti la pambali pake linali 14 Malichi, chaka chatha.

Ndinayesa kuti maso andinyenga. Ndinatseka n'kutsegulanso. Deti linali lomwelo. Ndinapita pa tsamba loonetsa maseva amene pulogalamuyo imawadziwa, ndipo panali dzina limodzi lokha, la seva yakale. Ndinaitana mnzanga uja.

"A Gostino, tabwerani. Seva yatsopano ija munailumikiza liti?"

"Ine? Si inu munalumikiza?"

"Munati mulumikiza muli ku Lilongwe."

"Ndinati kapena. Nditabwera ndinapeza bolodi lili lobiriwira."

Anasuzumira pa sikirini, nawerenga deti lija kawiri mokweza. Kenaka anapita pa bolodi, nathothola lipoti la pamwamba, n'kuloza pansi pake pamene panalembedwa kuti awiri. Anathothola lina, awiri. Lina, awiri. Lililonse linali ndi siginecha yanga. Palibe analozanso mnzake chala, chifukwa tonse tinali m'madzi.

Zonse zimene zinajambulidwa chiyambire Malichi uja, chaka ndi miyezi isanu ndi itatu, zinali m'malo amodzi okha, m'madisiki opsawo. Makhadi ake ndinali nditafufuta kalekale.

Nthawi yonseyi a Kachigamba anali phee pa mpando wawo, osamva chimene tinkanena. Podikira anatulutsa kabotolo ka fodya wamphuno m'thumba la jekete, nagogoda pang'ono, n'kuthira pa chala. Asanakoke, anaona nkhope yanga.

"Mayi, kwagwanji?"

Ndinachoka pa desiki n'kukagwada pafupi nawo. Ndinayamba ndi za maseva, za pasiwedi, za lipoti, mawu ambirimbiri ozungulira. Iwo anandidula.

"Amenewo ine sindiwamva. Anzanga aja alimo kapena mulibe?"

"Mulibe, agogo."

"Paja munati pawiri."

"Ndinatero. Ndinkayesa kuti zili pawiri. Sindinayesepo kuzitenga kuti ndione."

Dzanja lawo linali likadali m'malere, fodya ali pachala. Pomwepo fani ija, potembenuka, inawomba mbali yawo. Fodya yense anauluka, wina n'kugwera pa jekete, wina pansi. Iwo anayang'ana chala chawo nthawi yaitali, nachitembenuza uku ndi uku.

"Taonani," anatero. "Fodya ameneyu ndinalima ndekha. Ndapera ndekha, ndamunyamula kuchokera kwa Kapunula mpaka pano. Mukanandifunsa posachedwapa kuti ngwayani, ndikanati ngwanga. Nanga ali kuti?"

Ine misozi inayamba kutsika.

"Musalire, mayi. Inu munali nawo pachala, inenso ndinali nawo pachala. Tsiku lija ndikanakakamira, ndikanati simuchoka pano osandigawira. Ndinamva kuti pawiri, mtima n'kugona." Anapukuta chala pa buluku, natseka kabotolo kaja. "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Wapachala ngwamphepo."

Sanakalipe, sanatukwane. Akanandilalatira mwina ndikanapepukidwa. Anangofunsa ngati wakabaza uja anali asanapite, natsanzika aliyense ndi ulemu, n'kumapita.

Madisiki aja tinawatumiza kwa akatswiri ku Lilongwe, ndipo anabwerako chimodzimodzi. Midzi ina tinabwererako kukajambulanso, tikupepesa. Kwina tinapeza eni mawu alipo, kwina tinapeza manda. Seva ina itabwera, ine ndi a Gostino tinakhala pa desiki imodzi, iwo akutchula adiresi ndi pasiwedi, ine ndikulemba. Ntchitoyo inatengadi mphindi ziwiri, monga ananenera. Titatha tinabwezeretsa vi-emu ya mawu pa malo ena, n'kutsegula nyimbo imodzi kuti timve ndi makutu athu. Kuyambira pamenepo tinkatero Lachisanu lililonse, ndipo khadi silinkafufutidwa nyimbo yake isanamveke kuchokera ku bakapu.

Ku chiliza ndinapitako, ngakhale manyazi anali atandigwira. Anthu anadzaza. Ana a ku Joni anabwera ndi chimkuzamawu chachikulu chimene anagulira tsikulo, ndipo chinangokhala pakhonde. Mapemphero atatha, amayi a m'mudzimo anayesa nyimbo zina za malemuwo, koma ya ku Kitwe ija panalibe anaidziwa, poti a Nachisale sankalola wina kuwanenera amuna awo. Pamenepo a Kachigamba anaimirira okha, atatsamira ndodo. Mdzukulu wawo wamkazi anakweza foni kuti ajambule. Iwo anayamba kuimba:

"Kalata yanu, a Kachigamba, ikuyenda wapansi,
Chaka chachitatu, siinaoloke Luangwa."

Anaima. Anabwereza mizere yomweyo kuti mwina yotsatira ibwera, koma sinabwere. Nyimboyo anaimva zaka zoposa makumi anayi, koma sanailoweze, chifukwa woimba anali naye m'nyumba. Anayang'ana anthu, nati, "Kwinaku ankaimba okha," n'kukhala pansi. Ine ndinalira poyera, osabisa nkhope.

Mawu a fodya aja a Gostino anawalemba pamwamba pa bolodi lathu. Ojambula anawanyamula kupita nawo m'midzi, madalaivala kupita nawo m'matauni, ndipo lero mumawamva paliponse. Ena adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa magetsi. Musakangane nawo, mphepo sinayambire pa a Kachigamba kuuluza fodya wa anthu. Ine ndakuuzani pamene ndinaumva ukutuluka pakamwa pa munthu amene zinamuonekera.

Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Tanthauzo lake ndi ili: chinthu usachiwerengere kuti n'chako chisanafike pamene chikupita. Chimanga chili m'munda sichinalowe m'nkhokwe. Malo a sukulu amene akulonjeza sunawapeze mpaka dzina lako litaitanidwa m'kalasi. Kuyandikira kwa chala ndi mphuno n'kumene kumapusitsa, chifukwa munthu amaona ngati zatha kale, n'kuyamba kucheza.

Inu amene mudzagwire ntchito ya makina, mukadzagula seva ina, mudzailumikize ku bakapu tsiku lomwelo, musanasamutsiremo kanthu. Lipoti muziliwerenga mpaka pansi, muziwerenga mavi-emu ngati akwana, ndipo mnzanu muzimufunsa ngakhale akuseke. Koposa zonse muzibwezeretsa zimene mwasunga kuti muzione ndi maso, pakuti bakapu imene simunaiyese ikadali pachala. Ndipo ena nonsenu, ngati kwanu kuli munthu wachikulire amene amaimba, musamangomujambula n'kuika foni m'thumba. Khalani pafupi naye, muimbe naye mpaka nyimboyo ikulowereni. Tsiku lija kwa Kapunula a Nachisale anaimba nyimbo khumi ndi zinayi. Ya ku Kitwe inali ya mphindi zisanu ndi zitatu, ndipo imene yatsala ndi mizere iwiri.